Sukulu za mmera mpoyamba zisamatsekedwe nthawi ya njala

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzipepala yanuyi ndinenepo za sukulu za mmera mpoyamba, zija ena amangoti ma CBCC, zomwe zili mbwee m'midzi yathu kuno ku Dedza. Ine ndine mlimi wa kachewere ndi nyemba cha kumtunda kuno mbali ya ku Bembeke, ndilinso mu komiti ya kasukulu kotereka pamudzi pathu, ndiye zomwe ndikulembazi si zongomva pa wailesi ayi. Dandaulo langa ndi limodzi basi. Masukuluwa amayenda bwinobwino kuchokera pokolola mpaka cha mu Okutobala, ana amadzaza mpaka kusowa powakhazika, koma ikangofika Disembala, Januwale, Febuluwale, nthawi imene m'nkhokwe mwayera ndipo mwana akufuna kaphala kaja kuposa nthawi ina iliyonse pachaka, ndi pomwe timakhoma chitseko nkuwauza ana kuti dikirani kaye tikolole. Chaka ndi chaka zomwezomwezo mpaka tinazolowera, palibenso amene amadabwa nazo.

Zifukwa zake aliyense akuzidziwa. Ufa umatha, ndipo phala likangosowa masiku angapo otsatizana makolo sawatumizanso ana, ine sindiwanena, mwana wa zaka 3 sungamuyendetse mtunda m'mame ali ndi njala kuti akaimbe nyimbo nkubwerako m'mimba mulibe kanthu. Alezi nawo ndi anthu, ali ndi minda yawo yofuna kupalira ndi kubandira, ena pakhomo pawo moto sunayake ndiye amapita kuganyu ngati wina aliyense, ena mpaka kutsidya ku Mozambique cha ku Angonia kukasaka chimanga. Kenako mvula. Masukulu ambiri ndi kachisakasa ka udzu, kapena tchalitchi chobwereka, kapena pansi pa mtengo penipeni, mvula ikangoyamba kudontha basi sukulu yathera pompo.

Tsono tadzifunsani kuti mwana uja akakhala kunyumba amatsala ndi ndani. Mayi wake walawirira mbandakucha kuganyu wakhanda ali kumbuyo, bambo ali kumunda kapena ali ku Joni, ndiye amene amatsala naye ndi mchemwali wake wa zaka 8 kapena 9, amene nayenso wajomba kusukulu chifukwa cha ulezi womwewo. Chakudya chake ndi mkute wadzulo ngati unatsalako, apo ayi mapichesi aawisi otola pansi. Palibe woyankhula naye, palibe woona kuti thupi latentha, chikhalirecho ndi nyengo yomweyi imene malungo ndi kutsegula m'mimba zimavuta kwambiri, zitsime zadzaza mpaka pakamwa, mitsinje yasefukira. Tikatseka kasukulu kaja ovutika amakhala awiri, wamng'onoyo ndi mkulu wake wa Sitandade 2 uja.

Kafukufuku wa 2015-16, uja amati Malawi Demographic and Health Survey, anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'dziko muno, 37 ndi opinimbira. Mu 2010 anali 47, ndiye inde zinatsikako ndipo amene anagwira ntchitoyo tiwayamike, komabe 37 ndi ana ambiri zedi. Ndipo kupinimbira si kufupika kokha monga ambiri timaganizira kuti aaa ameneyu watengera agogo ake, ubongo nawo sukula mmene umayenera kukulira, mwanayo amadwaladwala, akafika m'kalasi zinthu sizilowa msanga, tikatero timamutcha mbuli pamene vuto linayamba ali kumbuyo kwa amake. Chimene chimandiwawa ine nchoti kuno ndi kumene kumachokera chakudya. Taimani pa Chimbiya, pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano muone matumba a kachewere, kabichi, tomato, anyezi, nyemba, zikukwezedwa m'malole kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma mwana wa mlimi yemweyo wagonera nsima ndi chisoso chopanda ndi dontho la mafuta lomwe. Nyemba zonse ndi soya yense timagulitsa kwa mavenda pokolola pamtengo wolira, nkudzayamba kusaka zomwezo mu Januwale mtengo utakwera.

Ndikufuna amene sanafikepo pamalo otere adziwe mmene m'mawa umakhalira zinthu zikamayenda, mwina angamvetse chimene tikutaya. Titenge mwezi wa Juni, kuno kumazizira kosati masewera. Amayi awiri amene ndi tsiku lawo lophika amafika dzuwa lisanatuluke, wina nkhuni pamutu wina ndowa ya madzi apamjigo. Ufa wake timasakaniza chimanga ndi soya wokazinga nkukagayitsa limodzi kuchigayo, pophika amathiramo nsinjiro ndi kamchere, shuga ndi wa mwayi. Ana amayamba kutulukira mmodzimmodzi, ena atafunda chitenje cha amayi awo chikukwekwereka pansi, milomo itasweka ndi mphepo, aliyense kapu yake yapulasitiki m'manja. Mlezi amaima pakhomo nkumulandira aliyense pomutchula dzina, mwadzuka bwanji, agogo adzuka bwanji, ndipo mwana amayankha. Zoseweretsa zake palibe chogula kusitolo, ndi zitsekerero za mabotolo zowerengera, zisononkho zovekedwa kansanza kukhala ana, dothi loumbira ng'ombe ndi miphika, mpira wachikulunga, katungwe wa chingwe pamtengo wa mapeyala. Akatopa amakhala pansi mozungulira, mlezi akati padangokhala, timawu tonse tija pamodzi tilitonse. Ndiye ikakwana nthawi ya phala amandandalika pa mpondagiya kusamba m'manja, wamkuluko akupondera wamng'ono kuti madzi atuluke. Ndinaonapo kamwana kena kamene kanabwera kosayankhula ndi munthu, kongokakamira mwendo wa amake, anthu mpaka kumanena kuti mwina nkosalankhula, koma isanathe teremu kanali kakutsogolera anzake nyimbo. Palibe mankhwala amene kanamwa, kanangopeza anthu oyankhula nako tsiku ndi tsiku komanso m'mimba mofunda.

Kafunseni aphunzitsi a Sitandade 1 pasukulu iliyonse ya pulayimale, adzakuuzani kuti sabata yoyamba yomwe amadziwa kuti uyu anadzera ku mmera mpoyamba uyu ayi. Wodzera kuja amadziwa kugwira pensulo, kukhala pansi nkumvetsera, kupempha kuti ndikufuna kupita kuchimbudzi, kudikira nthawi yake. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi oyambirira amadzaza koopsa, mphunzitsi mmodzi ana oposa 100 m'masukulu ambiri, ndiye nthawi yoti agwire dzanja la mwana aliyense kumuonetsa kalembedwe ka a aitenga kuti? Mwana wobwera osakonzeka amangosowa m'chigulumo, abwereze Sitandade 1, abwerezenso, kenako agwa ulesi.

Tsono tinene za alezi, poti apa mpamene pagona nkhani. Anthu awa, ambiri ndi amayi ndi atsikana amene anafika mwina Fomu 2 kapena Sitandade 8, timawatcha ongodzipereka ndipo tikatero timaona ngati tathana nazo. Munthu kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, m'mawa wonse, akupukuta mamina a ana a eni, kusambitsa amene wadziipitsira, kunyamula amene wadwala kumubweza kwawo, pakutha pa mwezi alibe ndi sopo yemwe wochapira chitenje chimene ana amupaka phala. Amuna awo ena amawaletsa, amati ntchito yanji yopanda malipiro pamene kumunda kwamera tchire, ndipo kunena zoona nkovuta kuwatsutsa. Ena mwa aleziwa anapitako kumaphunziro a masabata awiri aja, ambiri sanapiteko, amangoonera kwa anzawo. Ndiye chimachitika nchoti amene waphunzitsidwa bwino uja, pakapita chaka wapeza kantchito m'tauni kapena wakwatiwa kwina, nzeru zonse zija wapita nazo, timayambanso pachiyambi. Boma linayamba kupereka kangachepe pamwezi kwa alezi ena ophunzitsidwa, chimenecho nchiyambi chabwino ndipo sitikuchinyoza, koma ochuluka m'midzi muno sanafikiridwe, ndipo pamene wina akulandira mnzake wogwira naye ntchito yomweyo sakulandira mukudziwa kale zimene zimatsatira. Ine ndikuti mlezi aliyense amene ali m'kaundula wa ofesi ya zachisamaliro cha anthu aphunzitsidwe ndipo azilandira, ngakhale zochepa koma mwezi ndi mwezi osadumphitsa, kudzera pafoni pomwepa monga ndalama zina zimafikira. Munthu amene tamusungitsa ana athu pa msinkhu wovuta chonchi sangakhale yekhayo wogwira ntchito ya zikomo.

Malamulo ndiye tili nawo. Ndondomeko ya dziko yoona za mmera mpoyamba inatuluka mu 2003, anaikonzanso mu 2017, palinso lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010, ndipo udindo wonse uli m'manja mwa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Anzathu a ku Ntcheu analinso m'gulu la maboma amene analowa mu pulojekiti ya Investing in Early Years ya ndalama za World Bank. Zonsezi nzabwino, koma ndondomekoyo inakhazikika pa mfundo yoti mudzi ndi umene umanga, mudzi udyetsa, mudzi upeza alezi. Chabwino, tavomera. Nanga mudziwo unakhalapo pansi nkugwirizana kuti uzichita bwanji zimenezi? M'midzi yambiri yankho ndi ayi, tinangowasiyira amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi a mtima wabwino kuti azionera okha.

Apa ndikufuna ndiyankhule nanu mafumu athu mwaulemu wonse, anyakwawa, magulupu mpaka ma T/A. Pamudzi pakagwa zovuta palibe amene amafunsa kuti bajeti ili kuti. Uthenga ukangomveka khomo lililonse limatulutsa mbale ya ufa, wina nkhuni, wina nkhuku, adzukulu alawirira kumanda, amayi agona pasiwa, ndipo amene sanaoneke popanda chifukwa amakayankha kubwalo. Ngakhale mu Febuluwale weniweni, njala ili pakhosi, maliro sitinawalepherepo. Ndiye luso losonkhanitsa mudzi tili nalo kale, si lochita kubwera ndi bungwe. Chimene ndikupempha nchoti mphamvu yomweyo muigwiritse ntchito pa ana amoyowa. Mfumu ikanena kuti khomo lililonse, kaya muli mwana wa ku mmera mpoyamba kaya mulibe, lipereke ndowa ya chimanga ndi kambale ka soya kapena mtedza pokolola, anthu apereka. Mawu oti pokolola ndawanena dala, chifukwa kupempha chimanga mu Disembala nkungovutitsa anthu. Mfumu ikapereka malo a munda wa sukulu, osati kuthanthwe kapena kumchenga kumene aliyense anakukana koma malo abwino ndithu, nkuika tsiku la chitukuko loti mudzi wonse ukalime, munda ulimidwa.

Kwathu tinayesa zimenezi ndipo ndinene mmene zilili osakometsera. Amfumu anatipatsa kamunda kufupi ndi dambo, tinabzala soya, mtedza ndi mbatata yofiira mkati ija, chimanga pang'ono chabe chifukwa feteleza sitingamukwanitse, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zonse zinakwera. Soya ndi mtedza safuna feteleza wambiri ndipo ndi zomwe phala limafuna, mbatata ija ili ndi vitamini A ndipo masamba ake ndi kholowa. Zokolola timasunga kunyumba kwa msungichuma koma makiyi ali ndi anthu awiri, ndipo thumba lililonse lotuluka limalembedwa m'kope pamaso pa mlezi, chifukwa chimene chimapha makomiti ambiri ndi kukayikirana, wina akangonena kuti a komiti akudya ufa wa ana basi chaka chamawa palibe wopereka. Tinagwirizananso kuti matumba ena asakhudzidwe mpaka Khirisimasi itadutsa, olo phala la mu Seputembala lichepe mphamvu, ndipo miyezi yolima ija makolo amasinthana kukathandiza m'minda ya alezi kuti iwo asachoke pa ana. Amayi a banki mkhonde amaponyako kandalama kogayitsira. Sikuti zonse zili myaa, chaka cha ng'amba ya El Nino chija, pamene boma linalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, ifenso tinapunguza masiku nkumaphika katatu pasabata. Koma sitinatseke.

Chinanso chimene tiyenera kuvomereza nchoti mwana akamafika kusukulu ya mmera mpoyamba ali ndi zaka 3, zambiri zachitika kale. A zaumoyo amatiuza za masiku 1000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana akwanitse zaka 2, kuti ndi nthawi imene thupi ndi ubongo zimakula mothamanga ndipo chimene chaonongeka pamenepo nchovuta kuchibweza. Ndiye kasukulu kaja kasamangokhala ka ana a zaka 3 mpaka 5 okha, kakhale pabwalo pamene zonse za mwana zimakumanirana. Alangizi a zaumoyo akamabwera kudzapanga sikelo ya kumudzi azipangira pomwepo, katemera, vitamini A, mankhwala a njoka zam'mimba, kuyeza pamkono ndi kalamba kaja kobiriwira, kachikasu ndi kofiira, zonse pamalo amodzi, mlezi ali pompo akuona kuti mwana uyu kalamba kafika pachikasu tizimuyang'anira, uyu pofiira apite kuchipatala akalandire chiponde lero lomwe. Amayi a ma care group, timagulu tija tophunzitsana kasamalidwe ka ana, aziphunzitsirana pomwepo kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, ndi kaphikidwe ka magulu 6 a zakudya pogwiritsa ntchito zimene tili nazo, phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi masamba osinja, futali, usipa wosinja, dzira limodzi. Ndipo pakhale wowauza makolo kuti khanda nalo limamva, muziyankhula nalo pamene mukulisambitsa, muziliimbira, muziliyankha likamachita timaphokoso take, si misala ayi. Ambirife tinakula tikudziwa kuti mwana amayamba kuphunzira akavala yunifolomu. Mayi amene wayenda ulendo umodzi nkupeza sikelo, uphungu ndi phala la mwana pamalo amodzi adzabweranso, koma woti Lachiwiri apite uku Lachinayi uko pamene kumunda kukumudikira amasankha chimodzi nkusiya zinazo.

Pali nkhani ina yovuta kuikamba koma ndiikamba. Mwana akayamba kuonda, tsitsi kufiira, mapazi ndi masaya kutupa, m'midzi mwathu muno timathamangira kunena kuti ndi tsempho, makolo ake sanasunge mwambo. Nkhani imakhala ya kulozana zala, apongozi uku mkamwini uko, masabata nkumapita mwana akumwetsedwa zitsamba. Sindikunyoza miyambo ya makolo athu, koma zizindikiro zimenezi ndi zomwezo za kunyentchera, ndipo mwana wotupa ndi wofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Zokambirana za akuluakulu zizichitika mwana ali kale m'manja mwa adokotala. Anankungwi ndi amalume, inu anthu amakumverani kuposa mmene amamvera mlangizi, tithandizeni pamenepa.

Azibambo anzanga, ife ndiye tikuchepa kwambiri pa nkhaniyi. Mitingi ya makolo ikaitanidwa mupeza amayi okhaokha, bambo mmodzi kapena awiri, enafe tili pabawo kapena pamsika. Ena amati ana ndi a kuchikazi, ine ndine mkamwini chabe, mwini mbumba ndi malume awo. Malumewo nawo amati mwana ali ndi bambo ake. Mwana ali pakati, onse awiri amukana mwaulemu. Koma ndalama ya kachewere imagwiridwa ndi ndani? Amene amaganiza kuti soya yense agulitsidwe kapena thumba limodzi litsale ndi ndani? Ndi ife. Mayi angaphunzire magulu 6 a zakudya mpaka kuwaloweza pamtima, koma ngati bambo sanalole kuti mazira a nkhuku za pakhomo adyedwe ndi ana m'malo mogulitsidwa, maphunziro aja athera m'mutu. Ntchito zofuna ife zilipo zambiri, kuumba njerwa, kufolera denga mvula isanagwe, kukumba chimbudzi cha ana chokhala ndi kabowo kakang'ono kuti asaope kugweramo, kusema timipando, kupanga galimoto zamawaya. Ndipo kumunyamula mwana wako paphewa kukamusiya kusukulu m'mawa mtsinje ukadzaza sikuchotsa ubambo wa munthu. Amene muli ku Joni, pa ndalama imene mumatumiza ija muzinenako kuti iyi ndi ya phala la kusukulu, foni muli nayo.

Tisaiwalenso mabanja amene sabwera okha. Pali agogo amene akulera zidzukulu zitatu zinayi makolo awo anamwalira kapena anapita kukasaka ntchito osabwerera, ndowa ya chimanga sangaikwanitse ndipo chifukwa cha manyazi amangowasunga anawo pakhomo. Amenewa komiti iziwayendera, ndipo mwana asabwezedwe chifukwa kwawo sanapereke. Ena mwa iwo ali pa Mtukula Pakhomo, ambiri sali. Pali ana olumala, osamva, ochedwa kuyenda kapena kuyankhula, amene amatsekeredwa m'nyumba poopa kusekedwa, pamene kukhala ndi anzawo ndi kumene kukanawathandiza ndipo mlezi wophunzitsidwa akanawatumiza msanga kwa odziwa. Palinso atsikana amene abereka ali ana okhaokha. Dziko lonse linamva zimene Inkosi Theresa Kachindamoto anachita kuno ku Dedza pothetsa maukwati a ana nkuwabwezera kusukulu, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati munthu asanakwane zaka 18. Koma mtsikana wobwerera kusukuluyo mwana wake amusiyira ndani? Ngati palibe malo odalirika omusiyako, abwerera teremu imodzi nkusiyanso.

Kwa mabungwe amene mumatithandiza, zikomo, ena munatimangira nyumba zokongola za malata ndipo ana akukhalamo. Pempho langa nloti musamayambe ndi nyumba nkuthera pa nyumba. Bungwe lina linabwera m'dera lathu ndi ufa wa phala wa m'matumba kwa kanthawi, anthu anasiya kusonkha poti ufa ukubwera, pulojekiti itatha ufa unasiya ndipo chizolowezi chosonkha chinali chitafa kale, zinatitengera nthawi kuti tichidzutsenso. Mukanatipatsa mbewu, mbuzi zopatsirana ndi maphunziro a komiti bwenzi pano tili patali. Ndipo inu makhansala ndi olemekezeka aphungu athu, ndalama za chitukuko cha m'madera zija zimamanga milatho ndi midadada ya sukulu, nzofunika ndithu, koma pa mapulani a makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, ma VDC ndi ma ADC, mawu oti mmera mpoyamba samveka kawirikawiri. Malata a kasukulu kamodzi, mjigo pafupi, miphika iwiri ikuluikulu, si ndalama yoopsa. Ana a zaka 4 savota, koma amayi awo ndi agogo awo amavota ndipo akuona. Amipingo ndi amizikiti nanunso, nyumba zanu zopemphereramo zimakhala zotseka pafupifupi sabata yonse pamene ana akunyowa pansi pa mtengo, ndipo pa zokolola zimene akhristu amabweretsa ngati masika matumba awiri okha atapita ku phala la ana a m'mudzimo, posayang'ana kuti makolo awo amapemphera kuti, mungakhale mutalalikira mokwanira.

Pomaliza ndili ndi funso kwa anzathu a makomiti ena, kaya ku Mayani, ku Lobi, ku Linthipe, ku Golomoti, kaya ku Ntcheu cha ku Kasinje ndi ku Tsangano. Ife chimene chikutisautsa pano ndi kasungidwe. Chimanga chosonkha chimabwera chosiyanasiyana, china chosauma bwino, china chafumbwa kale, ndiye tikachiphatikiza anankafumbwe amalowa thumba lonse isanafike Januwale, ndipo mtedza ukachita chuku sitingawapatse ana. Matumba a PICS aja osafuna mankhwala amathandiza koma mtengo wake komiti yathu imakwanitsa ochepa okha. Ngati kwanuko munapeza njira ina, kaya mumayanikanso musanasunge, kaya mumagwirizana midzi ingapo kugula matumbawo pamodzi, kaya alangizi a zaulimi anakuonetsani china, lembani kudzera m'nyuzipepala yomwe ino tiphunzireko tisanafike pokolola.

Kholo lokhudzidwa,
Bembeke, Dedza